Tinasaka zakale za Mangochi pa njinga: ndalama sinapite pachabe, koma pepala lawo alilembenso

Ndakhala ku Mangochi kuno zaka zoposa 40, ndipo nsanja ya wotchi ili pafupi ndi mlatho ija ndaidutsa kosawerengeka, popita ku ntchito, pochokera ku msika, poperekeza maliro. Koma mpaka Loweruka lachiwiri la Julayi chaka chino ndinali ndisanaimepo n'kuwerenga zolembedwa pamalopo. Amene anandiimitsa ndi anyamata ena obwereketsa njinga kuseri kwa msika, omwe ayambitsa masewera amene iwo akungowatchula kuti kusaka pa njinga. Ndikulemba izi chifukwa anthu angapo andifunsa ngati n'koyenera kulipira, makamaka makolo amene akufuna kupita ndi ana.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Munthu umalipira K8,000 ngati ukubwereka njinga yawo, K5,000 ngati wabwera ndi yako. Amakugawani m'magulu a anthu awiri mpaka anayi, n'kukupatsani pepala la zilapi 12. Chilapi chilichonse yankho lake ndi malo kapena chinthu cha m'tauni muno. Mukachipeza mumajambula chithunzi muli pomwepo n'kutumiza pa WhatsApp, ndiye iwo amakulemberani mapointi. Amachita izi mu Juni ndi Julayi mokha, ndipo pamenepa anaganiza bwino, chifukwa aliyense wodziwa dzuwa la Okutobala la kuno sangatume mwana kupalasa njinga maola anayi. Nyengo yozizira ndi yokhayo imene munthu ungapalase mpaka masana malaya osanyowa.

Tinapita atatu: ine, mwana wanga wamkazi wa zaka 13, ndi alamu anga amene amaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale ina ku Lilongwe, omwe anali atabwera kudzationa. Anatiuza kuti tifike 7 koloko, ifenso tinafikadi. Mwera unali utawomba usiku wonse, msewu uli mbuu ndi fumbi, akabaza atavala majuzi ndi zipewa zoluka, manja atawalowetsa m'mikono. Tinakhala pabenchi ola lathunthu ndi mphindi 20 tikudikira mnyamata amene anali ndi makiyi a chipinda cha njinga. Atafika ndi pamene anayamba kupopa matayala, pampu yake imodzi, njinga zoposa 20. Ntchito imeneyi ikanagwiridwa Lachisanu madzulo.

Nkhani ya njinga ndiinene msanga, chifukwa ndi imene ikukhudza moyo wa munthu. Yanga inali yolimba, ya mtundu wa kabaza, keliyala ndi belu zonse zilipo. Ya mwana wanga inali ya kaunjika, yooneka bwino ndithu, koma nditafinya buleki ya kumbuyo, tayala linangopitiriza kuzungulira. Nditawaonetsa, mmodzi anati, “Abambo, musadandaule, yakutsogolo ikugwira.” Ndinakana. Mwana akagwira buleki yakutsogolo yokha pamchenga amagwa chamutu. Anatenga pulayala n'kukoka waya, inagwira, koma funso langa n'lakuti akanapanda kufinya kholo, akanaona ndani? Zipewa zoteteza mutu analibe n'chimodzi chomwe, pomwe njira yake ikudutsa pamene pamadutsa malole, maminibasi ndi njinga zamoto. Amene mukupita ndi ana, finyani mabuleki onse awiri musananyamuke, gwedezani chishalo, ndipo ngati muli ndi chipewa kunyumba, nyamulani.

Zitatha izi, zabwino zinayamba. Chilapi choyamba chinali chakuti: ndinamangidwa pokumbukira mayi amene sanapondepo kuno. Mwana wanga anachimasula tisanatuluke n'komwe pa geti. “Ababa, ndi nsanja ya wotchi!” Ndi yomweyodi, nsanja ya njerwa yokumbukira Mfumukazi Victoria ya ku Britain, imene inamangidwa mu 1903, patapita zaka ziwiri mfumukaziyo itamwalira. Kuseri kwa pepala lawo analemba kuti inamangidwa mu 1891, ndipo alamu atawerenga anapukusa mutu. Chaka cha 1891 ndi chimene Harry Johnston, mkulu wa boma la Angerezi, anakhazikitsa linga limene linapatsa tauni ino dzina lake lakale la Fort Johnston, ndipo linga loyambalo linali kutsidya kwa Shire, boma lisanasamukire mbali ino. Ndi cholakwa chaching'ono, koma ana asukulu amene anali m'magulu ena anapita kwawo ndi chaka cholakwikacho m'mutu.

Chilapi chachiwiri chinali pomwepo: ndinalira pa nyanja mu 1914, lero ndili duu pamtunda. Umenewu ndi mzinga wa mtundu wa Hotchkiss umene unali pa sitima yankhondo ya Angerezi yotchedwa Guendolen. Ntchito yathu inali kuuyeza kutalika kwake ndi zikhatho, ndipo mwana wanga anachita kukwawa pansi pake akuwerenga mokweza, chitsulo chili zii ndi chisanu cha m'mawa. Alamu ndiwo anatifotokozera nkhani yake atatsamira njinga. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, kaputeni Rhoades anapita ndi Guendolen ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kukawombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann, imene inali pamtunda akuikonza. Amati kaputeni wa Ajeremaniyo anali asanamve n'komwe kuti kwawo kwabuka nkhondo. Olemba mbiri ambiri amati kumenyana kwa pamadzi koyamba kwa nkhondo imeneyo kunachitika pa nyanja yathu ino. Ine mzinga umenewu ndinkangouona ngati chitsulo chimene ana amakwerapo.

Chachitatu ndi chimene chinandigwira mtima, ndipo mpaka lero sichinandichoke. Pafupi pomwepo pali chikumbutso cha sitima ya Vipya, imene inamira pa 30 Julayi 1946 kumpoto kwa nyanja, cha ku Chitimba, itakumana ndi mphepo yamkuntho. Anthu 145 anafera m'madzi. Pepala la anyamata aja linangofunsa kuti anamwalira anthu angati, mapointi awiri, basi. Tinawerenga, tinajambula, koma palibe amene anakwera njinga msanga. Mwera unali ukuwombabe kuchokera kummwera, ukuulutsa timapepala ta pansi, ndipo ndinazindikira kuti tikuwerenga zimenezi m'mwezi womwewo, mphepo yake yomweyo. Mwana wanga anafunsa kuti, “Ababa, anthuwa anali ndani? Amapita kuti?” Ndinalibe chomuyankha, ndipo pepala lija linalibenso.

Anatiyankhako pang'ono ndi agogo ena amene anakhala pamthunzi akugulitsa malambe m'lichero. Nditawapatsa moni kuti “Ajimwiche uli, anganga?”, anamwetulira, n'kutifunsa chimene tikusaka. Anati bambo awo ankaitchula Vipya nthawi iliyonse mnyamata akafuna kulowa ndi bwato mwera ukuwomba, ndipo dzina lokhalo linali lokwana kumubweza. Anati nyanja ya mwezi uno imaoneka yogona m'bandakucha, koma pofika dzuwa la pamutu imakhala itasanduka ina. Alamu anawonjeza kuti Ilala, imene ikuyendabe mpaka pano, inayamba kuyenda mu 1951 polowa m'malo mwa Vipya yomweyo. Tinagula malambe atatu. Pa malo amenewa tinatayapo mphindi 15 ndipo magulu awiri anatipitirira, koma sindikudandaula.

Ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum tinalowa osalipiranso, chifukwa ndalama yolowera anaiphatikiza kale pa mtengo uja, ndipo apa ndiwayamikire. Nyumbayi kale inali kalabu ya azungu ya Gymkhana, ndipo inatsegulidwa ngati malo a zinthu zakale mu 1971. Chilapi chake chinatituma kukapeza chifanizo cha pamwamba pa Guendolen. Ndinadabwa kuona kuti pa ana asanu ndi mmodzi a konkuno amene tinakumana nawo mkatimo, panalibe amene analowamo kale. Akanakhala kuti masewerawa angochita chokhachi, cholowetsa ana a pa boma m'nyumba imeneyi, ndikanalipirabe.

Pa mlatho wa Bakili Muluzi, umene unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, anaimikapo mnyamata wa mbendera yofiira woti azititsitsa pa njinga tiziyenda chokankha. Anachita bwino, chifukwa mphepo pamwamba pamenepo imakankha munthu cham'mbali. Tinaima pakati n'kuyang'ana pansi: mabwato awiri akulimbana ndi mafunde, amayi akuchapa m'mphepete, madzi akutuluka m'nyanja ya Malawi kulowera ku Malombe, omwewo amene amakadutsa pa Liwonde mpaka kukapukusa makina a magetsi ku Nkula. Potsika kutsidya tcheni cha mwana wanga chinavuka. Wakabaza wina anaimika njinga yake, kasitomala ali pa keliyala, n'kuchibwezera ndi zala ziwiri, manja n'kupukutira pa buluku. Nditafuna kumupatsa kenakake anati, “Ayi akulu, pitani mukawine.”

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa zonsezi. Pa zilapi 12 zija, zokhudza zojambula za anthu athu zinali zitatu zokha, ndipo chilichonse chinali cha pointi imodzi, pomwe nsanja ndi mzinga zinali za mapointi asanu asanu. Magulu amene ankafuna kupambana anangozidumpha. Koma kwa ife zitatu zimenezi ndi zimene zinatilowetsa m'tinjira ta m'makwalala timene sindinapitemo chiyambire, ndipo ndi zimene mwana wanga wakhala akusimbira anzake.

China chinati tipeze mitu isanu ndi umodzi yopanda matupi. Tinazungulira kuseri kwa msika kawiri konse tisanazindikire kuti akunena khoma la nyumba yometera tsitsi, pamene panajambulidwa mitu ya anyamata, uliwonse ndi kametedwe kake. China chinali chithunzi chachikulu pa mpanda wa sukulu, cha mayi akusambitsa mwana m'manja pa ndowa ya mpopi, chimene chinajambulidwa nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, imene inavuta kwambiri m'boma lino. Penti wake wayamba kusuluka ndi dzuwa, koma nkhope ya mayiyo ndi ya kuno kwenikweni, mpango wake, ndolo ya pamphuno, maso ake akuyang'ana manja a mwana osati woonera. Ndadutsa pa mpanda umenewu pa galimoto kangapo konse osaona kuti wojambulayo anaika kambalame pamwamba pa ndowa.

Chachitatu chinati tipeze nsomba imene singavunde ngakhale yakhala padzuwa chaka chonse. Inali chambo chojambulidwa pa khoma la lesitilanti ina yaing'ono kutsidya, chachitali kuposa munthu. Mwayi wathu, mwini luso anali pomwepo, atakwera pa mgolo, akulemba mitengo yatsopano ya zakudya pamwamba pa yakale. Ndi bambo wa zaka ngati zanga, ovololo yake yosadziwikanso mtundu ndi madontho a penti. Penti wake anamuthira m'mabotolo a pulasitiki odula pakati, asanu okha: woyera, wakuda, wofiira, wachikasu ndi wa buluu, mitundu ina yonse amasakaniza yekha pa chivindikiro cha chitini. Mabulashi anali atatu, imodzi atachita kuidula ndi lumo kuti izilemba mizere yopyapyala. Sanagwiritse rula. Anangoika chala chaching'ono pakhoma n'kukoka dzanja, chilembo n'kutuluka chowongoka ngati cha makina.

Mwana wanga anamufunsa kuti, “Amalume, nsombayi munajambula poonera chithunzi?” Anaseka, n'kutsika pa mgolo. Anati anagula chambo pa doko m'mawa, n'kuchigoneka pa mbale pafupi ndi khomalo, ndipo anachijambula mpaka ntchentche zitayamba kubwera. Anatisonyeza ndi chala timizere takuda totsika m'mbali mwa nsombayo, minga ya chipsepse cha pamsana imene anaiwerenga imodzi imodzi, ndi kakamwa kake kakang'ono. Anati munthu wa ku Lilongwe ungamujambulire nsomba iliyonse n'kumuuza kuti ndi chambo, koma ku Mangochi ukalakwitsa pakamwa pokha, odutsa akuuza kuti wajambula mcheni, ndipo mwini lesitilanti sakulipira. Nditayang'ana pansi pa chithunzicho ndinaona kuti palibe dzina lake. Ndinamufunsa chifukwa chake, iye anati khoma ndi la mwini wake, dzina la wojambula likatani pamenepo? Mitu ya kometera tsitsi ija anajambulanso ndi iyeyo. Anyamata okonza masewerawa akutuma anthu kukajambula ntchito ya bambo ameneyu Loweruka lililonse, koma iye sanauzidwepo, ndipo pa pepala pawo satchulidwa. Zimenezi zinandiwawa.

Titabwerera mbali ino tinalunjika kwa Mponda, kumene kunali zilapi ziwiri zomaliza. Msewu wake ndi wa mchenga, malo ena umachita kutsika n'kukankha pakati pa migwalangwa. Chilapi china chinali chokhudza mzikiti, ndipo apa ndichenjeze: pepala silinena kuti muyambe mwapempha musanajambule. Ife tinatsika patali, tinapereka moni kwa akuluakulu amene anakhala pakhonde, tinafotokoza chimene tabwerera, ndipo anatiloleza mokondwa, mpaka kutiuza poti tiime kuti dzuwa lisatiwale kumaso. Gulu lina linangofika ndi liwiro mafoni ali m'mwamba, ndipo nkhope za akuluakulu aja zinasintha. Mwambo umenewu ndi wofunika kuunena pa geti anthu asananyamuke.

Za kwa Mponda pepala lawo linalemba mzere umodzi wokha, woti kunali malonda a akapolo. Zimenezo n'zoona ndipo sizofunika kubisa, ndi chifukwa chake linga la 1891 lija linamangidwa pakamwa pa nyanja. Koma mudzi uwu uli ndi zambiri. Ndi kuno kumene ansembe a Chikatolika oyamba kulowa m'dziko muno, a White Fathers, anafikira mu 1889. Ndi kunonso kumene analumikizira sitima ya Chauncy Maples ya mishoni ya Anglican, imene inapangidwa ku Glasgow n'kubwera zidutswazidutswa kudzera mu Zambezi ndi Shire, anthu n'kusenza pamutu podutsa mathithi, mpaka inalowa m'madzi mu 1901. Amene anasenza zitsulo zimenezo anali agogo athu. Ndipo m'zilapi zonse 12 mulibe dzina la Henry Masauko Chipembere, mwana wa ku Malindi, nduna ya zamaphunziro imene inasemphana ndi Kamuzu mu 1964, amene mu Febuluwale 1965 analowa ndi anthu ake usiku pa boma lomwe lino la Fort Johnston. Tinadutsa ndi njinga m'misewu yomweyo imene iwo anadutsa. Mwana wa zaka 13 wochoka pa masewerawa akudziwa dzina la kaputeni wa Guendolen koma osamva la Chipembere, pamenepo pepala laperewera.

Chinanso, pepalalo analemba m'Chingerezi chokha. Zilapi ndazilemba pano m'Chichewa monga anatiwerengera mnyamata wina titapempha, ndipo zinkakoma kwambiri pakamwa pake kuposa papepala. Tauni ya Ayao ndi Anyanja, bwanji osalemba m'Chichewa ndi m'Chiyao, Chingerezi n'kukhala kuseri kwa alendo a ku malo ogona a ku nyanja?

Pobwerera tayala la alamu linabayidwa ndi minga. Anyamata aja anali atalonjeza kuti pali wokonza amene azititsatira, koma foni yawo inangoitana osayankhidwa. Tinakankha mpaka pa mtengo wa mango pamene pamakhala wokonza njinga, anamata chubu pa K1,000, ndipo ndalamayo anatibwezera titafika popanda kukangana. Tinamaliza cha m'ma 1 koloko, achisanu pa magulu asanu ndi awiri. Anatilandira ndi tiyi wamkaka ndi mandasi awiri awiri, zotentha bwino. Madzi akumwa panjira sapereka, choncho nyamulani botolo lanu, ndi juzi yoti mutha kuimanga m'chiuno dzuwa likakwera. Ana osakwana zaka 12 ine sindingawatengere, chifukwa cha mlatho ndi mchenga wa kwa Mponda.

Kodi ndingapitenso? Inde, ndipo amene mukufunsa ndikuti pitani Julayi asanathe. K8,000 pa maola anayi, njinga, kulowa ku nyumba ya zakale ndi tiyi, si yodula. Ndi anyamata achangu, aulemu, ndipo mtsogoleri wawo nditamukokera pambali sanadzitchinjirize. Anatulutsa kope n'kulemba zonse: mabuleki, chaka cha nsanja, mwambo wa pa mzikiti, Chipembere, ndi kukweza mapointi a zojambula. Za wojambula uja anati akamuona sabata yomweyo, amupemphe kuti magulu azitha kuima pamene akugwira ntchito, ndi kumupatsako kangachepe. Ndikapitanso ndikayamba ndafinya mabuleki, kenako ndikatembenuza pepala kuti ndione ngati 1891 uja asintha.

Lolemba lake mayi a kunyumba ananditumanso kutsidya, chifukwa mwana anali atawasimbira za chambo chija mpaka usiku. Chikwangwani cha okala yawo chinafufutika kalekale. Bambo wojambula uja anabwera Lachitatu ndi mabotolo ake asanu pa keliyala, anajambula buledi, sopo ndi botolo la mafuta ophikira, ndipo atamaliza mwana wanga anamugwira mkono n'kumupempha kuti alembe dzina lake pakona. Anayamba wayang'ana kwa mayi, iwo anavomera ndi mutu, ndiye anatenga kabulashi kodula ndi lumo kaja n'kulemba ting'onoting'ono, pansi pa botolo la mafuta.